Kusoka Thambo: Chochita Zithunzi za Mwezi ndi Nyenyezi Zikakana Kulumikizana



Phunziro la sayansi la ulendo uno likukhudza vuto limene aliyense wojambula zakumwamba amakumana nalo. Munthu akaika foni kapena kamera pa telesikopu yokuza kwambiri, saona Mwezi wonse, amangoona kachigawo. Kuti apeze chithunzi chathunthu amajambula zigawo zambiri, kenako n'kuzilumikiza pa kompyuta monga mmene telala amalumikizira nsalu. Chithunzi chotere akatswiri amachitcha mosaic. M'phunziro lino chigawo chilichonse tizichitcha chigamba, ndipo pamene zigamba ziwiri zakumana tizipatcha msoko.

Ulendo woyamba zinthu sizikonda kuyenda bwino. Pulogalamu imakana kulumikiza, kapena dzenje limodzi la pa Mwezi limaoneka kawiri, kapena mzere wakuda umadutsa pakati pa chithunzi. Zikatere wophunzira amafulumira kunena kuti kompyuta ndi yakale. Koma pulogalamu siudziwa Mwezi, ndipo nyenyezi siizidziwanso. Imangofunafuna zinthu zofanana m'zithunzi ziwiri. Choncho chooneka pa msoko ndi chizindikiro chabe, monga kutentha thupi kuli chizindikiro cha matenda. Nthawi zambiri matendawo anayamba usiku wojambula uja. Amene waphunzira kuwerenga msoko amadziwa chokonza pa kompyuta, amadziwanso chosintha akadzatulukanso panja.

Nawonso akatswiri amasoka

M'zaka za 1966 ndi 1967 bungwe la NASA linatumiza zombo zisanu zotchedwa Lunar Orbiter kukajambula Mwezi. Zombozo zinkatsuka filimu m'kati mwake momwemo, n'kuiwerenga m'timizere topyapyala, n'kutumiza pa dziko lapansi kudzera pa wailesi. Kuno timizereto tinkalumikizidwa, ndipo mpaka lero misoko yake imaoneka pa zithunzi zimenezo.

Mlalang'amba wa Andromeda, umene katswiri wa nyenyezi Abd al-Rahman al-Sufi anaufotokoza ngati kamtambo kakang'ono m'chaka cha 964, umatambasuka pafupifupi madigiri 3 pa thambo. Mwezi wathunthu ndi theka la digiri, ndiye kuti Andromeda ndi wautali ngati Miyezi isanu ndi umodzi yondandalikidwa. Telesikopu ya Hubble singaone zonsezo nthawi imodzi. Chithunzi cha mbali imodzi ya Andromeda chimene chinatulutsidwa mu Januwale 2015 chinasokedwa kuchokera ku zithunzi 7,398 zojambulidwa poloza telesikopu malo 411. Ku South Africa nako, telesikopu ya MeerKAT, yokhala ndi madishi 64, inatulutsa mu 2022 chithunzi cha pakati pa Mlalang'amba wathu cholumikizidwa kuchokera ku zigamba 20. Ntchito imene wophunzira wa Folomu 3 angachite ndi foni ndi yomweyi, kusiyana kwake ndi kukula chabe.

Mmene pulogalamu imasokera

Mapulogalamu aulere alipo. Hugin imathandiza pa Mwezi ndi pa zithunzi zotakata za thambo, Siril imathandiza pa nyenyezi, ndipo Stellarium imakuonetsani pamene chinthu chidzakhale pa thambo usiku umene mwasankha. Pulogalamu yosoka imachita zinthu zitatu motsatana. Choyamba, imafuna malo odziwika amene akupezeka m'zigamba ziwiri, monga mlomo wa dzenje kapena kagulu ka nyenyezi. Mu Hugin malo amenewa amatchedwa control points, ife tiziti mfundo zolumikizira. Chachiwiri, imawerengetsa mmene chigamba chilichonse chiyenera kusunthira, kutembenukira ndi kupindikira kuti mfundozo zigwirizane. Chachitatu, imasakaniza kuwala kwa mbali ziwirizo kuti msoko usaoneke. Vuto lililonse limachokera pa chimodzi mwa zitatuzi, ndipo funso loyamba la wofufuza ndi lakuti: kodi zalakwika pofuna mfundo, posuntha, kapena posakaniza?

Yambani ndi masamu

Mmisiri akamafolera nyumba sagundanitsa malata m'mphepete mokha. Amasanjikiza lata lina pa linzake, apo ayi nyumba imadontha. Zigamba nazo ziyenera kusanjikizana, ndipo muyezo wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a chigamba, kapena kuposerapo ngati mukusuntha telesikopu ndi manja.

Kuti mudziwe kukula kwa chigamba chanu, gwiritsani ntchito kuzungulira kwa dziko. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kuti thambo limaoneka kusuntha digiri imodzi pa masekondi 240. Siyani telesikopu osaikhudza, tembenuzani foni kuti Mwezi uziyenda motsata mphepete mwa chithunzi, kenako werengani masekondi amene dzenje limodzi likutenga kuchoka mbali ina kufika mbali inayo. Likatenga masekondi 48, gawani 48 ndi 240, ndipo mupeza kuti chigamba chanu ndi pafupifupi digiri 0.2.

Wina anganene kuti zigamba zitatu zikwana, popeza 0.2 kuchulukitsa katatu ndi 0.6, kuposa theka la digiri. Waiwala kusanjikizana. Chigamba choyamba chimapereka 0.2, koma chilichonse chotsatira chimangoonjezera 0.15. Zitatu zimapereka 0.5, zomwe sizisiya mpata ngakhale pang'ono. Zinayi zimapereka 0.65. Choncho Mwezi wathunthu ukufuna mizere inayi ya zigamba zinayi, zonse pamodzi 16. Mabowo ambiri m'zithunzi zosokedwa amabadwa pamene masamu awa adumphidwa.

Vuto loyamba: pulogalamu ikukana kulumikiza

Chizindikiro chake n'chakuti zigamba zina zatsala padera, kapena zaponyedwa malo osayenera. Tsegulani zigamba ziwiri zoyandikana ndipo muyang'ane ndi maso anu. Ngati inu simukuona chinthu chofanana, pulogalamu nayo singachione.

Zifukwa zodziwika ndi zinayi. Kusanjikizana kungakhale kochepa. Mbali yosanjikizanayo ingakhale yosalala, monga zigwa zakuda za Mare Serenitatis zimene zili ndi maenje ochepa, kapena ingakhale thambo lakuda lokhalokha m'mphepete mwa Mwezi. Foni yojambulira pa diso la telesikopu imasiyanso mkombero wakuda kuzungulira chithunzi, ndipo popeza mkomberowo uli pa chigamba chilichonse, pulogalamu imauyesa chinthu chenicheni n'kumaunjika zigamba zonse malo amodzi. Chomaliza, zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp mwa njira yanthawi zonse zimachepetsedwa, ndipo tinthu ting'onoting'ono timene pulogalamu imadalira timafufutika.

Mankhwala ake: dulani mkombero wakuda musanayambe, ndipo zigamba zonse zidulidwe mofanana. Samutsani zithunzi ndi chingwe, kapena zitumizeni ngati document. Pulogalamu ikalepherabe, ikani mfundo zolumikizira ndi manja anu. Mfundo ziwiri zimakwana kusonyeza kusuntha ndi kutembenuka, koma ikani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zotalikirana, kuti imodzi ikalakwika zinazo ziiulule. Sankhani tinthu takuthwa, monga kaphiri ka pakati pa dzenje. Mwezi ukakhala theka, pafupi ndi pakati pake pamaoneka maenje a Albategnius ndi Arzachel, onse okhala ndi kaphiri pakati. Mayinawa ndi a al-Battani, amene ankapima nyenyezi ku Raqqa ndipo anamwalira mu 929, ndi al-Zarqali wa ku Toledo.

Pa nyenyezi vutoli limakula, chifukwa nyenyezi zonse ndi timadontho tofanana. Pulogalamu yopangidwira zithunzi za nyumba ndi mapiri imasokonezeka, n'kulumikiza nyenyezi ndi ina yosakhala yake. Timadontho towala tochokera ku kamera yotentha natonso timaoneka ngati nyenyezi. Timeneti timachotsedwa pojambula zithunzi zingapo kamera itatsekedwa kukamwa, kwa masekondi omwewo, n'kuuza pulogalamu kuti ichotse zimene zaonekamo. Njira yodalirika yolumikizira nyenyezi imatchedwa plate solving: pulogalamu imayerekeza chigamba ndi kaundula wa nyenyezi, n'kudziwa malo ake enieni pa thambo. ASTAP ndi astrometry.net zimachita zimenezi, ndipo mitundu yatsopano ya Siril imatha kusoka zigamba potsata malo opezeka motero.

Vuto lachiwiri: zinthu zikuoneka kawiri pa msoko

Apa pulogalamu yalumikiza, koma nyenyezi zili ziwiriziwiri, kapena mlomo wa dzenje wathyoka. Onani kumene vuto likukula.

Ngati mbali imodzi ya msoko ili bwino koma kusiyana kukukula mukamapita mbali inayo, zigambazo zatembenukirana. Mwina foni inapendekeka. Mwinanso ndi thambo lenilenilo. Yang'anani nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana, zimene mayina ake a Alnitak, Alnilam ndi Mintaka anachokera ku Chiarabu: mzere wake umaima mwina zikamatuluka, n'kuima mwina zikamalowa. Telesikopu yongoyenda mmwamba, mmunsi ndi cham'mbali sitsata kutembenuka kumeneku. Kuno ku Malawi, pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator, Mwezi umadutsa pamwamba kwambiri, ndipo kutembenukaku kumafulumira chinthu chikayandikira paliwombo. Kumachepa chinthucho chikakhala cha kummawa kapena cha kumadzulo. Mankhwala ake n'kulola pulogalamu kutembenuza chigamba chilichonse pachokha, chimene mu Hugin chimatchedwa roll, ndi kujambula Mwezi utapendekera kumadzulo.

Ngati pakati pa msoko pali bwino koma kumapeto onse awiri kukusiyana, vuto ndi galasi kapena muyezo. Magalasi ambiri amapinda chithunzi m'makona, ndipo nyenyezi za kumeneko zimamera timichira. Dulani mphepete mwa chigamba chilichonse, n'chifukwa chake munasanjikiza mokwanira. Palinso msampha wina. Hugin imawerenga kukula kwa malo ojambulidwa kuchokera mu uthenga umene foni imalemba m'chithunzi, koma foni sidziwa kuti inali pa telesikopu. Imanena madigiri makumi angapo pamene zoona zake ndi 0.2, ndipo pulogalamu imapinda zigamba ngati chikho. Fufutani nambala imeneyo, lembani imene munapeza powerenga masekondi.

Mukatero tsegulani mndandanda wa mfundo zolumikizira. Hugin imaonetsa kutalika kwa kuphonya kwa mfundo iliyonse. Zambiri zikamaphonya ndi ma pixel awiri koma imodzi ikuphonya ndi 60, imeneyo ndi yabodza. Ichotseni, n'kuwerengetsanso.

Vuto lachitatu: chigamba china chowala, china chakuda

Chithunzi chikamaoneka ngati nsalu ya zigamba zamitundumitundu, woyamba kumukayikira ndi foni. Ikasiyidwa kuti izisankha yokha, imachepetsa kuwala pakati pa Mwezi, n'kukuonjezera m'mphepete momwe muli mdima wambiri. Gwiritsani ntchito mbali ya kamera yotchedwa Pro kapena Manual. Sankhani ISO, liwiro la kujambula, mtundu wa kuwala ndi focus poyang'ana malo owala kwambiri a Mwezi, ndipo musazikhudzenso mpaka chigamba chomaliza. Zoom nayonso isasinthidwe.

Ngati chigamba chilichonse chili chowala pakati n'kumada cha m'makona, ndiye kuti galasi limalowetsa kuwala kochepa m'mbali. Zigamba zotere zikasokedwa pamaoneka ukonde wa mizere yakuda. Mankhwala ake ndi chithunzi chotchedwa flat. Phimbani kukamwa kwa telesikopu ndi nsalu yoyera yokungika bwino, lozani pa chinthu chowala mofanana paliponse, n'kujambula zithunzi 20 musanasunthe kamera kapena focus. Pulogalamu imagawa chigamba chilichonse ndi flat, ndipo makona amawala mofanana ndi pakati. Timithunzi ta fumbi la pa galasi timachokanso nthawi yomweyo.

Ngati mbali imodzi ya thambo ikuyera kuposa inzake, kuwala kwachokera kunja: magetsi a pamsika, babu la pakhonde, kapena Mwezi pamene mukujambula nyenyezi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaonjezera vutoli, makamaka mmunsi mwa thambo. Siril ili ndi chida chotchedwa background extraction chochotsera kuyera kotere. Chigwiritseni ntchito pa chigamba chilichonse musanasoke. Ndipo sungani lamulo ili: sokani kaye, kukometsa pambuyo. Mukawalitsa chigamba chilichonse pachokha, chilichonse chimatenga muyezo wakewake, ndipo palibe pulogalamu imene idzazigwirizanitse bwino.

Vuto lachinayi: mithunzi sikugwirizana, kapena chigamba china n'chosaoneka bwino

Malire a usana ndi usiku pa Mwezi amayenda pafupifupi makilomita 15 pa ola. Pafupi ndi malirewo mithunzi ya mapiri ndi yaitali ndipo imasintha msanga. Zigamba ziwiri zoyandikana zikajambulidwa motalikirana ndi ola lathunthu, mithunzi yake imatha kusiyana, ndipo kompyuta singakonze zimenezo. Yambani ndi mzere wa m'malirewo, muumalize mosadukiza, kenako mupite kowala.

Chigamba chosaoneka bwino pakati pa zinzake zakuthwa chimachokera ku mpweya kapena ku dzanja. Mpweya wotentha umagwedeza chithunzi monga mmene msewu wa tala umanyezimira masana. Musaloze telesikopu modutsa pamwamba pa denga la malata limene lakhala padzuwa tsiku lonse. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi atatu kuti dzanja lichoke pa foni, ndipo jambulani chigamba chilichonse katatu kuti mudzasankhe chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lachisanu: thambo lapindika, kapena kompyuta yaima

Thambo lili ngati chipanda chovundikira, pamene pepala ndi lafulati. Yesani kuyala khoko la lalanje pa tebulo, muona kuti liyenera kung'ambika kapena kutanuka. Pa Mwezi izi sizivuta chifukwa malo ake ndi ochepa, ndipo njira ya rectilinear imakwana. Koma pojambula Mlalang'amba kuchoka mbali ina ya thambo kufika inayo, njira imeneyo imakoka nyenyezi za kumapeto kukhala timizere. Sankhani stereographic kapena equirectangular. Ngati m'chithunzi muli mtengo kapena nyumba yapafupi ndipo ikuoneka yothyoka pamene nyenyezi zili bwino, ndiye kuti kamera inasuntha malo. Izingotembenuka pamalo amodzi.

Kompyuta ikamaima, chepetsani makope a zigamba zonse kufika theka la kukula kwake, sokani amenewo kaye, ndipo mupeze zolakwika zonse pamenepo. Mukakhutira, bwerezani ndi zithunzi zazikulu. Zithunzi zoyambirira muzisunge padera osazikhudza.

Dongosolo lofufuzira

Musasinthe zinthu zitatu nthawi imodzi, chifukwa zikayenda simudziwa chimene chathandiza. Yambani ndi zigamba ziwiri zokha. Zikagwirizana onjezerani chachitatu, kenako chachinayi, mpaka mupeze chimene chikusokoneza. Lembani m'kope dzina la chigamba, nthawi yake, ndi malo ake pa mzere, mwachitsanzo A1, A2, B1. Pojambula muzitsata mzere mpaka kumapeto, n'kubwerera ndi mzere wotsatira monga mmene timapalira mizere kumunda. Musanapakire zipangizo, onani zigamba zonse ndipo mujambule zina zoonjezera pamene mukukayika.

Bowo likapezeka

Nthawi zina zonse zikatha pamatsala kabowo kakuda pamene palibe chigamba chinafika. Mapulogalamu amakono amatha kudzaza bowolo ndi maenje kapena nyenyezi zongopeka, ndipo wongoyang'ana sangadziwe. Musatero. Chithunzi cha sayansi ndi umboni wa chimene chinalipo, ndipo nyenyezi yopeka ndi bodza ngakhale ikongole. Siyani bowolo, kapena dulani chithunzi, kapena dikirani mwezi wamawa. Pansi pa chithunzi lembani tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chiwerengero cha zigamba, ndi pulogalamu imene mwagwiritsa ntchito. Woona adziwe kuti ndi chosokedwa, osati cha mphindi imodzi. Pa chifukwa chomwechi chithunzi chotere chisamafalitsidwe ngati umboni wakuti mwezi watsopano waoneka.

Ntchito ya ophunzira

Kalendala ya Chisilamu imakuuzani usiku woyenera, popeza imatsata Mwezi. Pa tsiku la 7 kapena la 8 Mwezi umakhala theka, mithunzi ya maenje imaoneka bwino, ndipo ikatha swala ya Isha umakhala utayamba kupendekera kumadzulo. Pa 14 ndi 15 umakhala wathunthu, wowala koma wopanda mithunzi. Nyenyezi zimajambulika bwino kumapeto kwa mwezi ndi masiku oyambirira, pamene thambo lili bii.

Khalani m'magulu a anthu atatu: wosuntha telesikopu, wojambula, ndi wolemba m'kope. Amene alibe telesikopu ayesere pa khoma la njerwa kapena pa mapu a m'kalasi, ajambule zigamba 9, kenako achotse chimodzi mwadala aone zimene pulogalamu ichite. Telesikopu isalozedwe ku Dzuwa ngakhale kamphindi, chifukwa diso limapsa ndipo silichira.

Yankhani mafunso awa m'kope:

1. Dzenje latenga masekondi 72 kudutsa chigamba. Chigambacho ndi cha digiri zingati?
2. Posanjikiza gawo limodzi mwa anayi, pafunika zigamba zingati pa mzere umodzi kuti Mwezi wathunthu ukwane ndi mpata wotsala?
3. Msoko uli bwino kumtunda koma nyenyezi zili ziwiriziwiri kumunsi. Chalakwika n'chiyani?
4. N'chifukwa chiyani timasoka tisanawalitse chithunzi?

Kwa makolo ndi a komiti

Ntchitoyi imachitika usiku, choncho ana apite ndi chilolezo chanu, akhale ndi mphunzitsi, ndipo abwerere pa nthawi yogwirizana. Kwa akuluakulu a komiti, pempho lathu ndi laling'ono: babu limodzi loyang'ana pabwalo limatha kuwononga zigamba za usiku wonse. Mukalola kuti lizimitsidwe kwa mphindi 40 pa usiku wosankhidwa, mlonda atadziwitsidwa, mudzakhala mwathandiza kuposa kugula pulogalamu yodula. Bwerani mudzayang'ane nawo pa telesikopu, ndipo mwana akadzakuonetsani chithunzi chake, mufunseni kuti misoko ili pati ndipo anaikonza bwanji.